Tsiku Limene Mlonda Anatsekera Eni Nyumba Kunja

PA tsiku Lacisanu, 19 July 2024, nthawi itangopitirira 6 koloko m'mawa kuno ku Zambia, pamene anthu ambiri m'midzi anali akali kuotha moto kaamba ka kuzizira kwa mwezi umenewo, kampani ina ya ku America yochedwa CrowdStrike inatumiza kafailo kakang'ono ku makompyuta a mabungwe amene iwagulitsa citetezo. Kutumiza kotere kunali kwa masiku onse, pakuti kampaniyo icita zimenezi kangapo pa tsiku. Koma kafailo ka m'mawa umenewo kanali ndi colakwa, ndipo dzuwa lisanakwere kweni-kweni, ndeke zinali zitaima m'mabwalo a maiko ambiri, madokotala analephera kuona mbiri ya odwala ao, ndipo wailesi ya kanema ya Sky News ku Britain inaleka kuulutsa nkhani kwa kanthawi.

Pambuyo pake kampani ya Microsoft inawerengera kuti makompyuta amene anaima tsikulo anali 8.5 miliyoni. Panalibe mbala imene inathyola khomo. Amene anatsekera eni nyumba kunja anali mlonda yemweyo amene analembedwa nchito yolonda nyumbayo.

Mlimi wa ku Katete, ku Chadiza kapena ku Petauke angafunse kuti nkhani ya ndeke za maiko akutali imkhudza bwanji iye amene sanakwerepo ndeke. Funso limeneli ndi loyenera. Masiku ano dzina la mlimi wolandira feteleza wa FISP liri m'kompyuta. M'zipatala zambiri za Boma mbiri ya odwala isungidwa m'makina a SmartCare. Malipiro a aphunzitsi ndi anamwino, ndalama za opuma pa nchito, ndi ndalama zimene mwana wa ku Lusaka atumizira amai ake pa foni, zonsezi zidutsa m'makompyuta akulu a mabanki, a makampani a mafoni ndi a maofesi a Boma. Makina amenewo akaima, mzere wa pa banki ku Chipata nao uima. Ncifukwa cake kuli bwino kuti anthu a m'midzi adziwe mmene makinawa agwirira nchito ndi cimene ciwagwetsa.

KAPITAO WA M'KOMPYUTA

Kompyuta iriyonse, ngakhale foni yamakono, iri ndi pulogalamu imodzi yaikulu imene iyang'anira zonse. Akatswiri aicha kuti operating system. Nchito yake ifanana ndi ya kapitao pa famu. Ndiye agawa nchito, ndiye asunga makiyi a nyumba zosungiramo katundu, ndiye auza wanchito aliyense malo ake ndi nthawi yake. Mapulogalamu ena onse, kaya olembera makalata, owerengera ndalama kapena otumizira mauthenga, sangatenge kanthu m'makinamo popanda kupempha kwa kapitaoyo.

Akapitao odziwika sali ambiri. Makompyuta oculuka a m'maofesi pa dziko lonse ayendera Windows, imene eni ake ndi kampani ya Microsoft ya ku America. Makompyuta a kampani ya Apple ayendera macOS. Palinso Linux, imene inayambidwa mu 1991 ndi wophunzira wina wa ku Finland, Bambo Linus Torvalds, ndipo munthu aliyense aloledwa kuitenga kwaulere. Mafoni ambiri amene agulitsidwa m'misika ya m'dziko lino ayendera Android ya kampani ya Google, imene maziko ake ndi Linux yomweyo.

Mkati mwa kapitaoyu muli cipinda camkati cimene akatswiri acicha kuti kernel. Umu ndi mmene muli mtima wa makina onse. Pulogalamu wamba ikalakwitsa kanthu, kapitao angoitseka iyo yokha ndipo nchito zina zipitirira. Koma colakwa cikacitikira m'cipinda camkati, Windows iimitsa zonse nthawi yomweyo poopa kuti zolembedwa zingaonongeke, ndipo pa galasi pangooneka uthenga wa colakwa, umene mu 2024 unali pa mtundu wobiriwira ngati thambo. Uthenga umenewu ndi umene anthu anauona pa zikwangwani za m'mabwalo a ndeke ndi m'makina olipirira a m'masitolo pa 19 July.

MLONDA ANALAKWA BWANJI

Kampani ya CrowdStrike, imene likulu lake liri ku Austin m'cigawo ca Texas, ipanga pulogalamu yochedwa Falcon. Nchito ya Falcon ndi kulonda makompyuta a mabungwe akulu kuti akuba a pa intaneti asalowemo. Kuti aone zonse zocitika, mlonda ameneyu analoledwa kukhala m'cipinda camkati ca Windows. Ndipo popeza akuba asintha njira zao tsiku ndi tsiku, eni ake amtumizira malangizo atsopano kawiri-kawiri, monga momwe apolisi auzirana za maonekedwe a mbala yatsopano.

Malinga ndi lipoti limene kampaniyo inatulutsa mu August 2024, malangizo a m'mawa umenewo anauza mlonda kuti ayang'ane zinthu 21, pamene iye anali atapatsidwa zinthu 20 cabe. Ziri ngati kalaliki wa pa depoti amene auzidwa kuti awerenge dzina la nambala 21 pa pepala limene mizere yake ithera pa 20. Munthu akadafunsa, koma makina safunsa. Falcon inapita kukawerenga pamalo pamene panalibe kanthu kake, ndipo popeza izi zinacitikira m'cipinda camkati, Windows inaima. Kompyuta ikazimitsidwa ndi kuyatsidwanso, mlonda anali kudzuka poyamba, kuwerenga malangizo omwewo, ndi kugwetsanso makina.

Panali zolakwa zina ziwiri zimene zinakulitsa bvutoli. Coyamba, pulogalamu imene nchito yake inali kupima malangizo asanatumizidwe nayo inali ndi cirema, motero inawabvomereza. Caciwiri, malangizowo anatumizidwa kwa onse nthawi imodzi. Anaturuka pa 06:09 nthawi ya kuno, ndipo akatswiri a kampaniyo anawabweza pa 07:27. Pa mphindi 78 zimenezo, kompyuta iriyonse ya Windows yokhala ndi Falcon imene inali yoyaka ndi yolumikizidwa ku intaneti inali pa ngozi. Makompyuta a macOS ndi a Linux sanakhudzidwe.

Microsoft inanena kuti makompyuta 8.5 miliyoni amenewa sanafike ngakhale pa imodzi mwa makompyuta 100 alionse a Windows. Koma anali makompyuta a mabungwe amene anthu ambiri adalira. Maulendo a ndeke oposa 5,000 analephereka tsiku limenelo lokha. Bwalo la ndeke la ku Berlin linaimitsa maulendo kwa maola angapo. Ku India anchito a ndeke anayamba kulemba ziphaso zokwerera ndi manja. Cipatala cacikulu ca ku Kiel ndi Lübeck m'dziko la Germany cinasiya maopaleshoni amene sanali a mwadzidzidzi. M'madera ena a America, monga ku Alaska, nambala yoitanira thandizo pa ngozi inabvuta. Ku South Africa makasitomala a banki ya Capitec analephera kugwiritsa nchito makadi ndi mafoni ao kwa maola ena. Kampani ya ndeke ya Delta yokha inathetsa maulendo pafupi-fupi 7,000 m'masiku asanu, inati inataya madola 500 miliyoni, ndipo mu October 2024 inatengera CrowdStrike ku khoti.

Kukonza kunali kowawa. Kompyuta imene inalephera kuyaka siinathe kulandira thandizo kudzera pa intaneti, kotero akatswiri anayenera kufika pa kompyuta iriyonse ndi manja ao, kuilowa kudzera pa khomo lapadera, ndi kufafaniza kafailo kolakwikako. Makompyuta ena anali okhomedwa ndi loko wochedwa BitLocker, amene kiyi wake ndi manambala 48, ndipo m'maofesi ena makiyi amenewa anali atasungidwa m'makompyuta amene nao anali ataima. Mkulu wa kampaniyo, Bambo George Kurtz, anapepesa poyera, ndipo pa 25 July analengeza kuti makompyuta 97 mwa 100 alionse anali atayambanso nchito. Mu September 2024 mkulu wina wa kampaniyo anaitanidwa kukalongosola ndi kupepesa pamaso pa komiti ya Nyumba ya Malamulo ya America.

Kucokera pamenepo CrowdStrike inalonjeza kuti malangizo atsopano adzayamba ayesedwa pa makompyuta ocepa asanafike kwa onse, ndi kuti mabungwe adzakhala ndi ufulu wosankha nthawi yowalandira. Mlangizi wa zaulimi aliyense adziwa nzeru imeneyi: mbeu yacilendo iyamba yayesedwa pa kamunda ka citsanzo, osati pa munda wonse wa banja. Nayo Microsoft inayamba kukonza njira yakuti alonda a makampani ena azigwira nchito kunja kwa cipinda camkati, ndipo mu 2025 inaika mu Windows 11 njira yothandiza kompyuta yolephera kuyaka kuti idzifunire yokha mankhwala pa intaneti.

KUKANA MANKHWALA NAKO KUPHA

Wina atamva nkhaniyi angaganize kuti kuli bwino kukana zokonza zonse zimene eni mapulogalamu atumiza. Maganizo amenewa ndi oopsa kuposa bvuto la pa 19 July, ndipo umboni wake ulipo.

Pulogalamu yaikulu ngati Windows inalembedwa ndi anthu, ndipo m'menemo muli mipata imene olembawo sanaione. Akuba a pa intaneti akhalira kufuna-funa mipata imeneyi monga khoswe afunira pobowoka pa nkhokwe. Eni pulogalamu akaupeza mpata, atumiza cigamba coutseka, cimene pa foni ndi pa kompyuta cioneka ndi dzina lakuti update. Microsoft itumiza zigamba zotere Laciwiri laciwiri la mwezi uliwonse.

Pa 14 March 2017 Microsoft inatumiza cigamba cotseka mpata wina woopsa mu Windows. Mabungwe ambiri anazengereza kuciika. Patapita miyezi iwiri, pa 12 May 2017, kacirombo ka m'kompyuta kochedwa WannaCry kanalowera pa mpata womwewo. Kanali kuyenda kokha kucoka pa kompyuta ina kupita pa inzake, monga citopa cimalizira nkhuku za mudzi wonse cikalowa m'khola limodzi. Kakalowa, kanali kukhoma zolembedwa zonse ndi kulamula mwini wake kuti alipire dipo la madola 300. Makompyuta oposa 200,000 m'maiko 150 anagwidwa.

Zipatala za Boma ku England zinabvutika kwambiri. Odwala pafupi-fupi 19,000 amene anali ndi tsiku loonana ndi dokotala kapena locitidwa opaleshoni anabwezedwa, magalimoto onyamula odwala anatumizidwa ku zipatala zina, ndipo Boma la Britain linawerengera kuti linataya mapaundi 92 miliyoni. Kacilomboko kanaimitsidwa ndi mnyamata wina wa ku Britain wa zaka 22, Marcus Hutchins, amene anapeza njira yokazimitsira imene inali yobisika mkati mwake. Mu December 2017 maboma a America ndi Britain anati amene anakatumiza anali a ku North Korea. Cacikulu apa ncakuti cigamba cinalipo kwaulere kwa miyezi iwiri, ndipo makompyuta amene anali ataciika sanagwidwe.

Nkhani ziwirizi ziyenera kumvedwa pamodzi. Mu 2017 anthu anapwetekeka cifukwa cocedwa kulandira mankhwala. Mu 2024 anapwetekeka cifukwa mankhwala anaperekedwa kwa onse asanayesedwe mokwanira. Akulu anati walira mvula walira matope. Woyang'anira makompyuta a bungwe ayenera kuika zigamba msanga, koma mwadongosolo: ayambe ndi makompyuta ocepa, aone ngati ali bwino, ndipo pamenepo apitirize kwa otsala masiku asanaculuke.

WINDOWS 10 YAPUMA PA NCHITO

Pali nkhani ina imene ikhudza masukulu, zipatala, makhonsolo, macalici ndi mabungwe a alimi amene ali ndi makompyuta akale. Windows 10, imene inaturuka mu July 2015, inasiya kulandira zigamba zaulere za masiku onse pa 14 October 2025. Kompyuta ya Windows 10 iyakabe ndipo ilembabe makalata monga kale, motero mwini wake saona kusintha kulikonse. Koma mpata uliwonse watsopano umene akuba aupeza ukhala wosatseka, kupatula ngati mwini kompyutayo analembetsa ku dongosolo lapadera.

Wolowa m'malo mwake ndi Windows 11, imene inaturuka mu October 2021. Bvuto ndi lakuti Windows 11 ifuna kompyuta yokhala ndi kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0 ndiponso ubongo wa makina wamakono, kotero makompyuta ambiri opangidwa caka ca 2018 cisanafike sailandira. Makompyuta ambiri a m'masukulu ndi m'maofesi ang'ono a kumidzi anafika atagwirako kale nchito m'maiko ena, monga momwe zobvala za salaula zifikira, ndipo oculuka mwa iwo ali m'gulu limeneli.

Njira zilipo zitatu. Yoyamba, kompyuta imene ikwanitsa zofunikazo ingasinthidwe kupita ku Windows 11 popanda kulipira, malinga ngati Windows 10 yake inali yobvomerezeka. Yaciwiri ndi kugula nthawi. Microsoft inalengeza dongosolo la zigamba zoonjezera limene mtengo wake kwa mabungwe a malonda unali madola 61 pa kompyuta imodzi caka coyamba, ndi kuwirikiza kawiri caka ciriconse kufikira zaka zitatu; kwa masukulu mtengo unali dola imodzi caka coyamba; ndipo kwa anthu wamba inalengeza dongosolo la caka cimodzi lofika pa 13 October 2026. Njira yacitatu ndi kucotsa Windows ndi kuikamo Linux, imene iyenda bwino pa makompyuta akale ndipo siigulidwa. Mtundu wina wochuka wa Linux uchedwa Ubuntu, dzina limene tanthauzo lake ndi umunthu, ndipo unayambidwa mu 2004 ndi Bambo Mark Shuttleworth wa ku South Africa. Mu 2024 boma la cigawo ca Schleswig-Holstein ku Germany linalengeza kuti lisamutsa makompyuta ake pafupi-fupi 30,000 kucoka ku mapulogalamu a Microsoft kupita ku Linux ndi mapulogalamu ena aulere. Komabe wosankha njira imeneyi ayenera kuyamba wafunsa ngati mapulogalamu amene ofesi yake idalira adzayenda pa Linux, ndiponso anchito afunika kuphunzitsidwa.

Kompyuta yakale imene ana aphunzirira kulemba pa sukulu ndipo siilumikizidwa ku intaneti iri pa ngozi yocepa. Imene ifunika kufulumirira ndi ija yosunga ndalama, maina a odwala kapena kaundula wa alimi. Mphunzitsi wamkulu, kalaliki wa khonsolo kapena mlembi wa koparetivi acita bwino kufunsa katswiri kuti kompyuta ya mu ofesi yake iyendera Windows iti, ndipo inalandira liti cigamba cotsiriza. Safunsa anadya phula.

AKUBA ANAFIKA NDI KUNO KOMWE

Dziko la Zambia siliri kunja kwa mabvuto amenewa. Mu May 2022 akuba a gulu lochedwa Hive analowa m'makina ena a Bank of Zambia ndi kusokoneza nchito zina, kuphatikizapo makina oyang'anira malo osinthira ndalama zakunja. Iwo anafuna dipo, koma banki inakana kulipira ndipo inabwezeretsa makina ake. Mu January 2023 apolisi a ku America, mothandizana ndi a ku Germany ndi Netherlands, analanda makompyuta a gulu la Hive ndi kulithetsa. Bungwe lingakane dipo molimba mtima ngati liri ndi zolembedwa zake zosungidwa pamalo ena pamene akuba sanafikepo, monga mlimi wanzeru amene sasunga mbeu yake yonse m'nkhokwe imodzi.

Mu April 2024 bungwe la Drug Enforcement Commission pamodzi ndi apolisi anagwira anthu 77 pa nyumba ina m'dera la Roma ku Lusaka, m'mene munapezeka makadi a foni a SIM oposa 13,000. Acinyamata ambiri a m'dziko lino analembedwa nchito kumeneko yoceza ndi anthu pa mafoni ndi colinga cowabera. Mu June caka comweco khoti linalamula kuti anthu akunja oposa 20 akakhale m'ndende zaka zoyambira 7 kufika 11.

Kumbali ya malamulo, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa mu 2021 lamulo la Data Protection Act, limene lilamula mabungwe kusamala zinsinsi za anthu zimene asunga. Lamulo lina la caka comweco lokhudza citetezo ndi milandu ya pa intaneti linalowedwa m'malo mu April 2025 ndi malamulo awiri, Cyber Security Act ndi Cyber Crimes Act. Boma linati colinga cake ndi kuteteza anthu ndi makina ofunika a dziko, pamene bungwe la maloya la Law Association of Zambia ndi mabungwe ena anadandaula kuti mbali zina za malamulowa zingacepetse ufulu wa anthu wa kulankhula ndi wa kusunga zinsinsi zao.

FONI YA M'THUMBA

Kwa anthu ambiri a m'midzi, kompyuta yao ndi foni. M'menemo muli ndalama za cimanga, za thonje, za nshawa ndi za soya, ndipo kutaya foni masiku ano kufanana ndi kutaya cikwama. Zimene zanenedwa za makompyuta akulu zigwiranso nchito pa foni.

Foni yamakono nayo ilandira zigamba. Uthenga wa update ukaoneka kucokera m'foni mwenimwenimo, pa malo a Settings, mwini wake acita bwino kuubvomera akafika pamalo pamene intaneti iri yamphamvu ndi batire iri yodzala. Mafoni nao akalamba. Makampani a Google ndi Samsung analonjeza zigamba za zaka 7 pa mafoni ao ena odula oyambira mu 2023 ndi 2024, koma mafoni ochipa alandira kwa zaka zocepa. Kuyambira mu October 2023 WhatsApp inaleka kugwira nchito pa mafoni a Android yakale yosafika pa nambala 5. Wogula foni imene inagwirako kale nchito ayenera kupempha wogulitsa kuti amuonetse nambala ya Android ndi tsiku la cigamba cotsiriza asanapereke ndalama.

Mapulogalamu ayenera kutengedwa ku Play Store kapena ku App Store basi. Pali mapulogalamu ena amene acinyamata apatsana pa mafoni, monga WhatsApp yosinthidwa imene ilonjeza zinthu zoonjezera, kapena ena olonjeza ngongole yamsanga ndi intaneti yaulere. Cikome-kome ca nkuyu, mkati muli nyerere. Ena mwa mapulogalamu otere awerenga mauthenga a mwini foni, maina a abale ake ndi manambala amene banki itumiza. Pulogalamu ya toci kapena ya masewera ikapempha cilolezo cowerenga mauthenga, mwini foni ayenera kukana.

Amene ali ndi mafoni ang'ono a mabatani sabvutika kwambiri ndi tizirombo, koma akuba awafikira ndi pakamwa. Ena aimba foni nadzicha anchito a Airtel, MTN kapena Zamtel, nati akaunti iri pafupi kutsekedwa. Ena atumiza uthenga wabodza wooneka ngati ndalama zalowa, kenaka aimba modandaula kuti zinatumizidwa molakwika ndipo zibwezedwe. Enanso anena kuti mwana wadwala ku sukulu, kapena kuti dzina laturuka pa mndandanda wa thandizo la Boma koma pafunika kandalama kolembetsera. Lamulo ndi limodzi: nambala yacinsinsi ya PIN siiuzidwa munthu wina aliyense, ngakhale wa pa kauntala yotumizira ndalama, ndipo wanchito weni-weni wa kampani ya mafoni kapena wa banki saifunsa. Nambalayo isakhale caka cobadwa kapena 1234, ndipo isalembedwe kumbuyo kwa foni. Munthu asanabweze ndalama zimene wina ati zinalowa molakwika, ayambe waona yekha zimene ziri mu akaunti yake. Nkhani ya mwana wodwala itsimikizidwe poimbira mphunzitsi wodziwika.

Khadi ya SIM ilembetsedwa pa citupa ca NRC ca mwini wake, kotero kubwereketsa citupa kuti wina alembetsere SIM ndi kudziitanira mlandu, pakuti cinyengo cikacitika apolisi ayamba kufuna mwini dzinalo. Foni ikatayika kapena ikangoleka kugwira netiweki popanda cifukwa pamene mafoni a anansi ali bwino, mwini wake afulumire kuuza kampani yake kuti itseke nambalayo. Bungwe la ZICTA, limene liyang'anira za mafoni ndi intaneti m'dziko lino, linakhazikitsa nambala ya *707# yoperekerapo manambala a anthu acinyengo, ndipo woberedwa ayeneranso kukanena ku polisi. Okalamba amene saona bwino kapena sadziwa kuwerenga ndi amene akuba awakonda kwambiri, motero ana ndi adzukulu ophunzira, mafumu a midzi ndi atsogoleri a mipingo ali ndi udindo wowalongosolera zimenezi pa misonkhano.

PEPALA NDI PENSULO ZISATAYIDWE

Pa 19 July 2024 mabungwe amene anapitiriza nchito anali aja amene anali atakonzekera tsiku lakuti makina adzaima. Anamwino amene anali ndi mapepala olembapo odwala anapitiriza kupereka mankhwala, ndipo ndeke zina zinanyamuka ndi ziphaso zolembedwa ndi manja. Ku midzi ya kuno, kumene magetsi ndi netiweki zicoka kawiri-kawiri, nzeru imeneyi anthu ali nayo kale ndipo asaitaye. Mlimi asunge malisiti a cimanga cimene anagulitsa ndi mauthenga otsimikiza malipiro. Mlembi wa koparetivi akhale ndi buku la maina a mamembala pambali pa kompyuta. Banja lisaike ndalama zonse za mbeu ndi za sukulu pamalo amodzi.

Nyengo yogulitsa zokolola ndi imene ndalama ziculuka m'mafoni a alimi, ndipo ndi nyengo yomweyo imene mafoni a anthu acinyengo alira kwambiri. Amene wawerenga nkhaniyi acita bwino kuiwerengeranso anzake amene sanaione, ndi kuyang'ana foni yake lero lomwe kuti aone ngati pali cigamba cimene ciri kudikira.